Efulemu, Katswiri wa Kumenyedwa

Pa Mitundu ponse munthu wokhala ndi lamba wakuda wa karate anali mmodzi yekha, ndipo munthu ameneyo sanapambaneko ndewu ngakhale imodzi. Dzina lawo linali a Efulemu, koma kuyambira ana mpaka abusa ankangoti a Masta. Sikuti anali ofooka ayi. Anali chimunthu cha mapewa, manja okhakhala chifukwa cha malata, pakuti ntchito yawo inali kukhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira m'dimba. Chimene chinkawapweteketsa chinali ulemu. Ndewu ikati yabuka, a Masta ankayamba avula nsapato n'kuziika pambali mwadongosolo, kenako n'kumangitsa lamba uja pamwamba pa ovolosi, n'kuwerama pamaso pa mdani wawo monga anawaphunzitsira ku Joni. Tsono inu nonse mukudziwa kuti ndewu ya pamsika sidikira kuti munthu amalize moni.

Amene anaona ndewu zambiri za a Masta ndi Felesiya, mayi wogulitsa tomato ndi anyezi pa benchi yoyang'anizana ndi kashedi kawo. Iyeyu ndiye anaona za wakuba uja kuyambira pachiyambi. Tsiku lina la msika mnyamata wina anatsomphola foni ya munthu n'kuliyatsa liwiro. Anthu ali "Wakuba! Wakuba!" a Masta anataya hamala n'kumuthamangira, ndipo pa liwiro pokha panalibe wowaposa. Anakamupanikiza kuseri kwa chigayo, pakona poti sakanalowera kwina.

"Ima pomwepo, mphwanga," anatero a Masta. "Tichite zinthu ngati anthu."

Wakubayo anaima, ali wefuwefu. A Masta anavula nsapato yoyamba. Anavula yachiwiri. Anawerama. Pomwe ankaweramuka, mnyamata uja anali atawalumpha kale ngati mzere wa m'munda, foni kumanja, nsapato kumanzere.

Anabwerera pamsika akuponda mosamala, kuopa zidutswa za malata awo omwe.

"A Masta, wakuba uja ali kuti?" anafunsa Esnart, wogulitsa usipa, amene pakamwa pake sipankapuma.

"Wathawa."

"Nanga nsapato?"

"Zamuperekeza."

"Ndiye kuti wakugonjetsani?"

"Mayi, musamayankhule zinthu zomwe simunaphunzire. Pa malamulo a karate, amene watuluka m'bwalo ndiye wagonja. Ine ndinatsala pomwepo."

Panalinso wa ngolo wina amene atakhuta masese ankakwapula ng'ombe zake mopanda chisoni. A Masta anapita kukamuletsa. Ali mkati mowerama, munthuyo anasolola nzimbe pa mtolo wa eni ake n'kuwasambitsa nayo pamsana mpaka yonse inanyenyeka. A Masta anadzuka, n'kudzisasa fumbi, n'kutola chidutswa chimodzi n'kuyamba kutafuna. "Tithokoze Mulungu," anatero, "kuti pafupi panali wogulitsa nzimbe, osati wa mipini." Ng'ombe zija sizinamenyedwenso tsiku limenelo, pakuti mkono wa mwini wake unali utatopa, koma zimenezo palibe anaziwerengera.

Chaka china anatsegula sukulu ya karate pabwalo la mpira. Tsiku loyamba kunabwera anyamata makumi atatu, onse okhuta mafilimu a kuvidiyo, wina atamanga kale kansalu kofiira kumutu. A Masta anawauza kuti athamange mpaka kutsinde kwa phiri la Bunda ndi kubwerako. Mawa lake chimodzimodzi. Mwezi wonse unatha akuthamanga. Mwezi wachiwiri anayamba kuwaphunzitsa kugwa: kugwa chagada, kugwa chammbali, kugwa utabisa mutu.

"Masta, nanga kumenya tiyamba liti?" anafunsa wa kansalu kofiira uja.

"Ukadziwa kuthawa ndi kugwa, kumenya ukufuna kwa chiyani?"

Pofika mwezi wachitatu sukulu inali itatsala ndi a Masta okha ndi galu wina amene ankakonda kuthamanga.

Koma pa nkhani ya kumenyedwa, pamenepo ndiye anali ophunzira zedi. Ankati anamenyedwa ku Durban, anamenyedwa ku Tete pobwerera kumudzi, anamenyedwa m'depoti ku Lilongwe, ndipo chibakera chilichonse anachisunga m'mutu monga mlimi wa fodya amadziwira magiredi. Cha munthu wanjala, ankatero, chimabwera msanga koma sichikhalitsa. Cha woledzera chimayamba chapatsa moni mphepo. Choopsa ndi cha munthu wachete. Munthu akadutsa pamsika akutsimphina, a Masta ankangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Uyo ndi chitsulo cha njinga, dzulo madzulo," ndipo ukafufuza unkapeza zili momwemo.

Felesiya ankaseka nawo zonsezi, koma kuseka kwake kunali kosamala, dzanja lili pa nthiti.

Kwawo kunali kufupi ndi Mitundu komweko, koma anakwatiwa chitengwa, mwamuna n'kumutengera kumudzi kwawo kupitirira Nathenje. Mwamunayo, Zakeyu, anali wa kabaza wa njinga yamoto, ndiponso woyimbitsa kwaya kutchalitchi. Munthu waulemu ngati ameneyo simunamuone. Akakumana ndi apongozi pamsewu ankazimitsa njinga, n'kuvula chipewa, n'kugwada pafumbi pomwepo. Masiku a msika ankabweretsa yekha Felesiya m'mawa, n'kudzamutenga folo koloko yeniyeni, ndipo amayi anzake ankati, "Koma ndiye uli ndi mwayi, mnzathu, ife timayenda wapansi." Foni ya Felesiya inkakhala m'thumba la Zakeyu. Ana awo awiri, Madalo ndi Mwayi, ankatsala ndi agogo awo ku Nathenje, ndipo Felesiya sankaloledwa kuyenda nawo ngakhale popita kumaliro. Zakeyu ankadziwa kuti mbuzi yoyamwitsa sifuna chingwe, ukangotsekera ana imabwera yokha.

Ndipo Zakeyu ankamenya. Ankamenya mwanzeru, ngati munthu amene anakhala pansi n'kuganizira. Kumaso sankakhudza. Ankasankha nthiti, msana ndi ntchafu, malo amene bulauzi ndi chitenje zimabisa.

Katatu konse Felesiya anakadandaula kwa nkhoswe yake, atsibweni ake a Abednego, mlongo wa malemu mayi ake. A Abednego sanali munthu woipa. Anali munthu wokonda zinthu zooneka ndi maso.

"Akumenya? Zakeyu yemweyu?" ankafunsa. "Tationetsa bala."

Felesiya ankangoyang'ana pansi. Nanga mwana wamkazi angavulire atsibweni ake? Ngakhale akanayesa, iwo ndiwo akanayamba kuthawa. Amene akanatha kuona anali amayi ake aang'ono, ndipo anaonadi, koma iwowo ndi aja ankalandira paketi ya shuga kwa Zakeyu mwezi ndi mwezi. Anangomuphimbanso chitenje n'kumunong'oneza kuti, "Banja ndi kupirira, mwanawe, tonse tinadutsa momwemo." Pabwalo ankati sanaone chachilendo. Zakeyu ankagwada, misozi ili chuchuchu. "Atsibweni, ine kukweza dzanja? Mwina mawu ndi amene amandipulumuka nthawi zina." Kenako ankapemphera, aliyense n'kuti ameni, Felesiya n'kukwera kumbuyo kwa njinga, atagwira m'chiuno mwa munthu amene akukamumenya chifukwa chodandaula.

Kuthawa akanatha, pakuti kwawo kunali pafupi ndi benchi yake. Koma kuthawa popanda mawu a ankhoswe kunali kusiya ana ku Nathenje, ndipo zimenezo sakanachita. Choncho folo koloko ikakwana, hutala ikalira, ankatola madengu.

M'mawa wina akutsitsa dengu la tomato, a Masta anayankhula osadzutsa mutu pa ndowa yomwe ankakhoma.

"Ziwiri, kumanzere."

"Ziwiri chiyani, a Masta?"

"Nthiti. Sizinathyoke, zangochita mng'alu. Ndipo si chibakera chimenecho. Ndi payipi."

"Ndinagwa pamjigo."

"Mjigo wa ku Nathenje ndi wankhanza, amake Madalo. Sabata yatha unakugwetserani pantchafu. Mwezi watha pamsana."

Felesiya anakhala pa benchi n'kuyamba kusanja tomato, koma timilu tinkangogumuka. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri palibe munthu anamuuzapo kuti ndaona. Kenako anawoloka kanjira kaja n'kunjuta pafupi ndi a Masta, ngati akusankha mbaula.

"Ndiphunzitseni kumenya. Malo amodzi okha, oti ndikangogunda asadzuke msanga."

"Malo oterowo alipo."

"Ndiuzeni."

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Mukam'gunda kamodzi, zaka zonsezo zafufutika. Anthu adzaona bala lake lokha, pakuti iyeyo alibe manyazi ovula malaya."

Felesiya anapsa mtima kwambiri, kupsa kwake kwa munthu amene wagogoda pakhomo lomaliza. "Ndiye lamba mwavalayo ndi wa chiyani? Womangira buluku?" anatero. A Masta anangopitiriza kukhoma ndowa ija, kukhoma, kukhoma, mpaka inapindika osagulitsikanso. Masabata atatu Felesiya sanawapatse moni.

Kenako anakapemphanso atsibweni ake kuti akhale pansi kachinayi. A Abednego anavomera, koma ananeneratu. "Aka n'komaliza, Fele. Anthu ayamba kutiseka kuti mbumba yathu siitha banja. Tikapanda kupeza kanthu, usadzabwerenso ndi nkhani imeneyi." Felesiya anauzako Esnart yekha, zomwe pa Mitundu zinali chimodzimodzi kulengeza pa wailesi.

Anakumana Loweruka masana, mwezi wa Okotobala, pakhonde la Zakeyu ku Nathenje. Dzuwa linali loswa mtengo. Panali a Abednego, amayi aang'ono aja, nkhoswe ya Zakeyu, amayi ake a Zakeyu, ndi anansi amene anabwera kudzabwereka moto nthawi yoti palibe akuphika. Nkhani inayenda m'njira yake yakale. Felesiya anafotokoza. Anamufunsa bala. Anayang'ana pansi. Zakeyu anagwada, misozi inayamba kulengeza, ndipo a Abednego anali atayamba kale kuvula chipewa kuti apemphere.

Pamenepo kunamveka belu la njinga yakapalasa. Anali a Masta, thukuta lili kamukamu, atapalasa kuchokera ku Mitundu. Anali atavala zovala zawo zoyera za karate zimene palibe anaziwonapo, zitasanduka zachikasu ndi ukalamba, zikununkha m'sutikesi. Pa kaliyala anamangirira ndowa yatsopano yonyezimira.

"Odi kuno! Pepani ndalowerera nkhani za eni. Ndikufuna a Zakeyu, ndawabweretsera mphotho."

"Mphotho ya chiyani, a Masta?" anafunsa Zakeyu akumwetulira, akadali chogwada.

"Ya luso, achimwene. Ku Joni katswiri amam'patsa chikho. Ine chikho ndilibe, ndiye ndakhoma ndowa." Anaiika pansi mwaulemu ndi manja awiri. "Ine ndamenyedwa m'mayiko atatu, koma sindinaone munthu woti amenye mnzake zaka zisanu ndi ziwiri, nkhope osaikanda n'kamodzi komwe. Zimenezo n'za kusukulu."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kosadziwa kolowera. Felesiya anafuna nthaka itseguke. Anaganiza kuti wamisalayu wabwera kudzamumalizira mpata wake womaliza, ndipo akachoka, amene alipire ndi iyeyo.

"A Masta mutu suyenda bwino," anatero Zakeyu mofatsa, akuyang'ana a Abednego. "Tiwakhululukire."

"Zikomo pondikhululukira. Koma ndili ndi kadandaulo kamodzi. Payipi. Mwamuna wamphumphu, payipi? Ndiye ndimati kapena manja ndi ofewa. Paja ndi manja oyimbitsira kwaya." A Masta anakweza manja m'mwamba n'kuyamba kuwagwedeza monyang'wa, chiuno chikutsatira, ndendende mmene Zakeyu ankachitira Lamulungu.

Apa ndiye anthu anaphulika. Amayi anabisa pakamwa m'zitenje, nkhoswe ya Zakeyu yomwe inatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Felesiya yekha sanaseke. Anaona mtsempha wa pakhosi pa Zakeyu ukudumpha, ndipo mtsempha umenewo ankaudziwa bwino.

"Kapena mumaopa amuna anzanu?" anapitiriza a Masta. "Musaope. Ine sindibwezera, kafunseni aliyense pa Mitundu." Anavula nsapato, n'kuziika pambali pa ndowa. Anawerama.

Zakeyu anawaponda m'mimba asanaweramuke. Kenako dzanja lake linapita lokha kudenga la khonde, osayang'ana n'komwe, n'kusolola payipi yakuda m'maudzu. A Masta anagwa chammbali, mutu atabisa, kugwa kwake kwa m'buku. Payipi inayamba kulira. Nthiti. Msana. Ntchafu. Nthiti. Dzanja lozolowera silisokera, linkangopita m'malo ake a masiku onse.

"Ukalira ndikuwonjezera!" anakuwa Zakeyu, ndi mawu amene kwaya sinawamvepo. "Wamva? Ukalira ndikuwonjezera!"

Atangomva mawu amenewo, Madalo anagwira mng'ono wake dzanja n'kuthamangira naye kunsi kwa nkhokwe, mwachangu cha ana amene achita zimenezo kambirimbiri. A Abednego anawaona. Chipewa chinali chikadali m'manja mwawo.

"Abambo a Madalo, mupha munthu!" anakuwa Felesiya.

Zakeyu anatembenuka, payipi ili m'mwamba, n'kulunjika kwa mkazi wake, pamaso pa ankhoswe onse.

Chimene chinachitika pamenepo anthu amachifotokoza mosiyana. Ambiri amati Zakeyu anapunthwa pa ndowa ija. Koma Felesiya anali pafupi, ndipo anaona. Anaona a Masta, amene anali gone pafumbi, ali chilili pakati pa iye ndi payipi. Anaona dzanja lawo likugwira mkono wa Zakeyu n'kuupotoza pang'ono chabe ngati munthu wotseka mpopi, ndipo Zakeyu anagwada, payipi ili pansi, maso ali tong'o. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kuphethira kawiri. Kenako a Masta anasiya mkono uja, n'kudzigwetsanso pansi, n'kuyamba kubuula mokweza kuti mudzi wonse umve. "Mayo ine! Ndafa! Nathenje yandipha!"

Amuna anam'gwira Zakeyu n'kumukhazika pansi. A Masta anadzuka pang'onopang'ono, ulendo uno mopanda sewero. Anamasula lamba, anavula malaya aja, anapinda buluku mpaka m'ntchafu, n'kukaima patsogolo pa a Abednego.

"Bambo, ndamva kuti mumafuna kuona bala. Mwana wanuyu sangakuvulireni, ndipo inu simungalole. Ine ndilibe manyazi. Onani apa. Apa. Ndi apa." Anatembenuka kuti awonetse msana, mizere itatupa kale ngati mbatata. "Nkhope yanga mwaiona? Ili bwinobwino, ndingapite nayo kuukwati. Tsono izi mukuonazi ndi za mphindi zitatu. Za zaka zisanu ndi ziwiri muwerengere nokha."

A Abednego anayang'ana msana uja nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa amayi aang'ono aja.

"Inu munaona?"

Amayiwo anayamba kukonza mpango kumutu.

"Ndikuti munaona?"

"Tinaona."

"Zofanana ndi izi?"

"Zoposa."

A Abednego anavalanso chipewa. "Fele, kalowe utenge katundu wako. Uitane ndi ana."

"Ana atsala!" anatero amayi ake a Zakeyu.

"Anawa ndi mbumba yanga," anayankha a Abednego. "Mukawafuna mudzabwere ku Mitundu, mudzatipeza." Nkhoswe ya Zakeyu inangoyang'ana payipi ija ili pafumbi.

Ananyamuka pa ngolo yobwereka dzuwa likadali m'mwamba. Felesiya anakhala kutsogolo, mwana uku mwana uku, atawagwira mwamphamvu mpaka Mwayi anadandaula kuti akumupweteka. Ankalira, koma kulira koti mpweya ukulowa mpaka pansi. A Masta anagona kumbuyo pakati pa mapoto ndi mphasa, njinga yawo ili pamwamba, ndipo ngolo ikagunda dzenje ankaitana makolo awo onse mayina.

"Amake Madalo," anatero atadutsa pa Nathenje, "ndowa ija mwatenga?"

"Ndowa, a Masta? Nthawi ino?"

"Musamusiyire. Wagwiritsa ntchito chida, ndiye wachotsedwa mumpikisano."

A Masta anagona kuchipatala masiku anayi. Tsiku lachiwiri Felesiya anawapititsira phala, n'kudikira mpaka wodwala wa pabedi loyandikana atatuluka kukaothera dzuwa.

"Ndinaona zija," anatero.

"Ziti?"

"Dzanja lija."

"Dzuwa linakuthobwani m'maso, mayi."

"Ndinaona, a Masta. Mumatha. Nanga zaka zonsezi mumalolera bwanji kuti anthu azikusekani?"

A Masta anatakasa phala lija nthawi yaitali osadya. Atayankhula, mawu awo analibe nthabwala, ndipo Felesiya anachita ngati akumva munthu wachilendo.

"Ndewu ndinapambanapo kamodzi. Ku Durban, pokwerera matakisi. Mnyamata wina anafuna kundilanda jumbo. Munali buledi ndi sopo. Ndinam'gunda kamodzi, pamalo paja mumafuna ndikuuzeni. Anagwa n'kumenyetsa mutu pa simenti. Ndinadzamuona patatha chaka, ali pa njinga ya olumala, mayi ake akumupukuta dovu. Buledi ndi sopo, amake Madalo." Anayang'ana zikhatho zawo. "Kuyambira pamenepo manjawa ndinawatsekera m'nyumba. Nsapato zija ndimavula kuti mtima uyambe wazizira. Ndikamaweramuka ndimakhala nditakumbuka."

"Anthu akanadziwa, bwenzi akukupatsani ulemu."

"Akadziwa, anyamata onse a pa Mitundu adzabwera kudzandiyesa, ndipo tsiku lina ndidzaiwala. Musauze munthu. Bola azindiseka."

Ndipo anawasekadi. Nkhani inafika pamsika iwo asanatuluke m'chipatala: a Masta zibakera za pa Mitundu zawachepera, apalasa njinga mpaka ku Nathenje kukafuna zina. Esnart anawalandira ndi nthungululu. Wa nzimbe anawapatsa imodzi yaulere kuti akaigwiritse ntchito mmene angafunire. A Masta ankangoti, "Kunja kumafunika kupitako, mayi, munthu umaphunzira masitayilo atsopano." Felesiya ankamva zonsezi ali pa benchi yake, koma chinsinsi chija anachisunga. Folo koloko ikakwana ankadzidzimukabe akamva hutala, kenako n'kukumbuka kuti si yake.

A Masta anakhala zaka zina ziwiri, namenyedwanso kangapo, kamodzi ndi lichero. Anamwalira nthawi ya dzinja, masana, ali pakashedi kawo. Anthu anangodabwa kuti hamala yasiya kulira. Atapita kukaona anawapeza atatsamira nsanamira, mbaula yosamaliza ili pamiyendo. Kuchipatala anati ndi mtima.

Maliro awo anali aakulu kuposa a anthu ena olemera. Msika unatsekedwa theka. Kumanda anthu ankakumbutsana za wakuba uja, za nzimbe, za galu wa kusukulu ya karate, ndipo ena ankaseka mpaka kugwira mitengo. Esnart ndiye ankatsogolera, mpaka pamene anafika pa nkhani ya ku Nathenje, mawu anamuthera, n'kukhala pansi pamatope n'kuyamba kulira ngati mwana. Felesiya anaimirira kumbuyo ndi ana ake awiri. Ankafunitsitsa kukwera pachulu n'kuwauza anthu onsewo kuti munthu amene akumukwirirayu akanatha kuwagwetsa mmodzimmodzi, ndipo tsiku lililonse ankasankha kusatero. Koma anali atalonjeza.

Masiku ano pakashedi paja pali mnyamata wotchaja mafoni. Msika ukadali waphokoso, koma amene anazolowera kulira kwa hamala amamva kuti china chake chikusowa. Ndewu zimabukabe, makamaka anthu akagulitsa fodya. Zikabuka anthu amapanga bwalo n'kutulutsa mafoni kuti ajambule, ndipo palibe amalowa pakati.

Tsiku lina la msika kunabwera mayi wina wachilendo, mwana kumsana, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anazungulira kashedi kaja kawiri, kenako anafika pa benchi ya Felesiya n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Pepani mayi, ndachokera ku Malingunde. Ndikufuna bambo wina wokhoma ndowa. Akuti amapita kukamenyedwa m'malo mwa anthu."

Felesiya anasiya tomato amene anali m'manja mwake. "Anamwalira chaka chatha."

"Oho." Mayiyo anaima kanthawi, akuyang'ana mafoni ali ndandanda pa thabwa. "Oho. Zikomo." Anamangitsa mwana uja n'kutembenuka kuti abwerere komwe anachokera, mofulumira, ngati munthu amene kunyumba sakudziwa kuti wachoka.

"Mayi!" anaitana Felesiya. "Tabwerani."

Mayiyo anacheuka. "Inuyo mumadziwa karate?"

"Ayi."

"Ndiye mundithandiza bwanji?"

"Sindikudziwa," anatero Felesiya, akusuntha dengu la anyezi kuti papezeke malo pa benchi. "Khalani kaye pansi."

Mayiyo anayang'ana kumsewu, anayang'ana dzuwa. Kenako anabwera n'kukhala, pang'onopang'ono, atagwira benchi ndi manja awiri, mbali imodzi yokha.